Foni ndi yanga, nanga kiyi akusunga ndani?

 Pepani kuti ndinasowa kwa masabata angapo. Mukudziwa nokha mmene teremu yachitatu imakhalira: mapepala ochonga ali mulu pa tebulo, a Fomu 4 akufuna makalasi a masana, magetsi nawo amabwera nthawi imene afunira okha. Koma lero ndati zivute zitani ndilembe, chifukwa mu sitafu mwathu munabuka mkangano sabata yatha ndipo belu linalira tisanamvane. Amene ndinakangana nawo amawerenga pano, ndiye adziwe kuti yankho lija ndinalonjeza ndi limeneli.

Nkhani inayamba ndi mphatso. Mmodzi wa ana anga akale, amene pano ndi namwino ku America, ananditumizira foni kudzera kwa munthu wina amene ankabwera kumudzi kudzaona makolo. Si yatsopano, mwini wake anaigwiritsa ntchito zaka ziwiri, koma kwa ine amene ndinkayenda ndi kafoni komanga ndi labala kuti batire lisagwe, inali ngati ndapatsidwa galimoto. Mwana wanga, ngati ukuwerenga, zikomo kachiwiri. Tsono nditaikamo simu khadi yanga, foni inakana. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinapukuta simu khadi ija ndi malaya ngati ndi imene yalakwa, koma ayi ndithu. Foni inali yokiyidwa kuti izigwira ntchito ndi kampani imodzi yokha ya netiweki ya kumeneko.

Loweruka lake ndinapita nayo kumsika, ku mabenchi a anyamata okonza mafoni. Amene ndinamupeza pa benchi yachitatu ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4, wa mpando wa kumbuyo, amene MSCE sinamuyendere bwino ndipo ife aphunzitsi ake tinkati tsogolo lake n'lokayikitsa. Anaimirira n'kundipatsa mpando wake. Ataitembenuza kawiri anati, "Sala, iyi angoikiya netiweki basi, si nkhani. Koma mwini wake anachotsamo akaunti yake? Tamuimbireni kaye ndimve." Anandiimbitsadi mpaka ku America, ndi mayunitsi anga, kuti atsimikize kuti foniyo ndinapatsidwa. Patapita masiku awiri inayamba kulira ndi nambala yanga.

Lolemba ndinalowa nayo mu sitafu monyadira. Mnzanga wophunzitsa Sosho atamva mmene zinayendera anapukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, mwaphwanya lamulo. Zothyola mafonizi ku America amamanga nazo." A madamu a Chingerezi anawonjezera kuti ngakhale pasakhale womanga, foni yothyoledwa imabetsa ndalama. Ine ndinati foni ndi yanga. Mawu anakwera, tiyi anazizira, belu linalira. Ndiye ndakhala ndikuwerenga usiku uliwonse, ndipo ndapeza kuti tonse atatu tinali ndi kachidutswa ka choonadi, koma ine sindikusintha maganizo.

Tigwirizane kaye pa chimene tikukamba, chifukwa tsiku lija tinkaphatikiza nyemba ndi miyala. Chimene anachita mnyamata uja ndi kuchotsa loko wa netiweki, kuti foni ilandire simu khadi ya kampani iliyonse. Koma pali loko wina wa mkati kwambiri. Foni yamakono ndi kompyuta yaing'ono, ndipo amene anaipanga amaika malire pa zimene mwini wake angaikemo kapena kuchotsamo. Pa iPhone, m'maiko ambiri, pulogalamu imene mukufuna iyenera kudutsa mu sitolo ya kampani ya Apple, yotchedwa App Store, ndipo imene iwo aikana ndiye kuti yakanika. Kuthyola malire amenewa ndi kumene eni chiyankhulo amati jailbreak, kutanthauza kuthawitsa foni m'ndende. A mafoni a Android amati rooting. Anyamata athu a kumsika zambiri mwa izi amangoti kuflasha.

Mnzanga wa Sosho sananame kotheratu. Ku America kuli lamulo lotchedwa Digital Millennium Copyright Act, ambiri amangoti DMCA, limene Pulezidenti Bill Clinton anasaina mu Okutobala 1998. Linabwera potsatira mapangano awiri amene maiko anagwirizana ku Geneva mu 1996 pansi pa bungwe la WIPO, lija loona za umwini wa luso pa dziko lonse. Cholinga chinali chabwino ndithu: kuteteza oimba, opanga mafilimu ndi olemba mabuku pa nthawi imene kukopera zinthu pa kompyuta kunayamba kuphweka. Koma Gawo 1201 la lamuloli linapita patali. Limati ngati mwini luso waika loko pa ntchito yake, kuthyola lokoyo n'kulakwa pakokha, ngakhale musanakopere kalikonse. Limaletsanso kupanga, kugulitsa kapena kugawa chida chothyolera. Amene wachita dala pofuna kupeza phindu akhoza kulipitsidwa mpaka madola 500,000 kapena kukhala m'ndende mpaka zaka zisanu, pa mlandu woyamba womwe.

Aphungu a mu 1998 ankaganiza za nyimbo ndi mafilimu. Vuto ndi lakuti pulogalamu ya kompyuta nayo imatetezedwa ngati buku. Ndiye m'kupita kwa zaka chilichonse chokhala ndi pulogalamu mkati chinagwera mu ukonde womwewo: foni, TV, galimoto, thirakitala, mpaka makina opangira aisikilimu.

Ndipo amangadi nalo anthu. Mu Julayi 2001 katswiri wa makompyuta wa ku Russia, Dmitry Sklyarov, anapita ku Las Vegas kukayankhula pa msonkhano. Kampani imene ankagwirako ntchito ku Moscow, ElcomSoft, inkagulitsa pulogalamu yochotsa loko pa mabuku a pa kompyuta a kampani ya Adobe. Ntchitoyo anaigwirira kwawo, koma atangomaliza msonkhano apolisi a FBI anamugwira, ndipo anakhala m'chitokosi masabata angapo. Mu Disembala 2002 khothi linapeza kampaniyo yosalakwa. Nkhaniyi ikuyankha mbali imodzi ya mkangano wathu: lamulo la America limathera m'malire a America. Mphunzitsi amene watsegulitsa foni yake pa msika wa kuno sakuweruzidwa ndi DMCA. Koma ikuonetsanso kuti ntchito imodzi yomweyo ikhoza kukhala yopezera chakudya m'dziko lina n'kukhala ya unyolo m'dziko lina.

Aphungu aja anadziwa kuti ukonde wawo udzakola ndi nsomba zosafunika, ndiye anasiya kazenera. Zaka zitatu zilizonse, mkulu wa laibulale ya nyumba ya malamulo ya dzikolo amalandira malangizo kuchokera ku ofesi ya za umwini wa luso, imene imayamba yamva madandaulo a anthu, kenako amalengeza maloko amene munthu angathyole popanda mlandu. Inde, mwawerenga bwino, wa laibulale. Ine ndinaseka ndekha usiku, ndikuganiza za a laibulale a pa sukulu pathu, amene nkhondo yawo yaikulu ndi kulondola mabuku a Biology amene ana anabwereka chaka chatha. Kumeneko mnzawo ndi amene amagamula ngati mlimi angakonze yekha thirakitala yake.

Tsono taonani mmene kazenerako kakhala kakutsegukira ndi kutsekeka. Mu 2006 analoleza kuchotsa loko wa netiweki. Mu Juni 2007 iPhone yoyamba inatuluka, yokiyidwa kuti izigwira ndi kampani ya AT&T yokha, ndipo pofika Ogasiti mnyamata wa zaka 17 wa ku New Jersey, George Hotz, anali ataitsegula ndi chowotcherera mawaya m'chipinda mwake. Zaka 17, msinkhu wa mwana wa Fomu 3. Imodzi mwa mafoni amene anatsegulawo anasinthitsa ndi galimoto ya Nissan 350Z kuphatikizapo ma iPhone ena atatu. Mu 2008 Jay Freeman anatsegula Cydia, sitolo ya mapulogalamu a mafoni othyoledwa. Dzinalo analitenga ku kachilombo kamene mbozi yake imaboola maapozi, ndipo amene mukudziwa tanthauzo la dzina la Apple mwaimva nthabwalayo.

Bungwe lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti la Electronic Frontier Foundation linapempha kuti jailbreak ya foni ikhale yololedwa. Apple inakana kwamtuwagalu. Mwa zina inauza ofesi ija mu 2009 kuti foni yothyoledwa ikhoza kusokoneza nsanja za netiweki, komanso kuthandiza ogulitsa mankhwala ozunguza bongo kuimba mafoni mosadziwika. Mu Julayi 2010 wa laibulale anagamula kuti munthu akhoza kuthyola foni yake kuti aikemo mapulogalamu amene anawapeza mwachilungamo. Apple inangoti chabwino, koma wotero aiwale za galanti.

Mukanaganiza kuti nkhani yatha. Mu Okutobala 2012 chilolezo cha jailbreak ya foni anachiwonjezera, koma cha tabuleti anakana, ati mawu akuti tabuleti sakudziwika bwino kuti akuyambira pati n'kulekezera pati. Ndiye kwa zaka zitatu munthu akanatha kuthyola iPhone yake mwaufulu, koma kuchita zomwezo pa iPad, imene mkati mwake muli pulogalamu yomweyo, kunali kuphwanya lamulo. Chaka chomwecho anachotsa chilolezo cha loko wa netiweki pa mafoni ogulidwa kuyambira kumapeto kwa Januwale 2013. Anthu anakwiya. Opitirira 114,000 anasaina chikalata chopita ku White House, ndipo pa 1 Ogasiti 2014 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lobwezeretsa ufuluwo. Mu 2015 tabuleti inaloledwa, pamodzi ndi ma TV amakono ndi kukonza magalimoto ndi mathirakitala. Mu Okutobala 2024 analoleza kuthyola loko pokonza makina ophikira a m'malesitilanti, nkhani imene inatchuka chifukwa cha makina a aisikilimu a ku McDonald's amene anthu a kumeneko amadandaula kuti amangokhalira kufa.

Makina a masewero ndiye sanapatsidwe ufulu wotere. George Hotz yemwe uja atathyola PlayStation 3, kampani ya Sony inamutengera ku khothi ku California mu Januwale 2011, ndipo nkhani inatha mu Epulo chaka chomwecho iye atalonjeza kuti sadzayambiranso. Chimene chinandikhudza ine n'chakuti Sony poyamba inkagulitsa makinawo akutha kulandira pulogalamu ya Linux, ndipo mu 2010 inachotsa mwayi umenewo kudzera pa intaneti, pa makina amene anthu anali atagula kale n'kuika m'nyumba zawo. Kampani ikalowa m'chinthu chanu n'kuchotsamo china, akuti n'kukonza. Inu mukalowamo kuti mubwezeretse, akuti ndinu wothyola.

Apa ndi pamene ine ndaima. Chimene munthu wagula ndi ndalama zake, kapena wapatsidwa ndi mwini wake, n'chake, ndipo lamulo liyenera kunena zimenezi kamodzi n'kusiya. Bambo anga anagula njinga pamene ine ndinali ku pulayimale. Anachotsa chishalo n'kuikapo china, anawotcherera kaliyala wamkulu wonyamulira matumba a chimanga, mabuleki anamanga ndi waya. Palibe wa ku fakitale amene anabwera kudzafunsa kuti wakulolezani ndani. Anyamata a kabaza lero amachita zoposa pamenepo. Makampani amayankha kuti foni n'zosiyana: chitsulo ndi galasi mwaguladi, koma pulogalamu ya mkati angokubwerekani, ndipo munavomera nokha tsiku lija munadina batani pansi pa masamba ambirimbiri a Chingerezi chimene ngakhale a madamu athu sangachimalize. Kampani ya mathirakitala ya John Deere inanena zonga zomwezo ku ofesi ija mu 2015, kuti chimene mlimi amalandira pa pulogalamu ya mu thirakitala ndi chilolezo choyendetsera basi. Pofika 2017 atolankhani ankalemba za alimi a ku America amene ankagula mapulogalamu othyoledwa ochokera ku Ukraine kuti akonze okha mathirakitala awo nthawi yokolola, m'malo modikira makaniko wa kampani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma tandiuzani, chotsani pulogalamu mu foni, chatsala n'chiyani? Kagalasi kodziyang'anira nkhope. Ngati pulogalamuyo ndi ya mwini, ndiye kuti ine ndagula chikwama chake chokha.

Chachiwiri chimene chikundinyansa pa njira ya ku America ndi zaka zitatuzi. N'zoona kuti kuyambira mu 2018 kuwonjezera chilolezo chakale anakuphweketsa. Komabe chimafunika kupemphedwanso, ndipo chimene chinaperekedwa mu 2024 chidzaunikidwanso mu 2027. Ife aphunzitsi tikudziwa kusiyana kwa ntchito yokhazikika ndi ya kontirakiti. Ufulu umene umatha ngati laisensi ya galimoto ndi wobwereka, ndipo zimene zinachitika mu 2012 zikuonetsa kuti mwini wake akhoza kuulanda.

Koma chachikulu, chimene ambiri sachiona, ndi ichi. Wa laibulale uja ali ndi mphamvu yololeza kuthyola kokha. Alibe mphamvu yololeza kupanga kapena kugawa zida zothyolera. Lamulo la 2014 linalola kuti munthu wina akuthandizeni kuchotsa loko wa netiweki, koma chiletso cha zida chija sichinachoke m'buku. Ndiye zili ngati akuuzeni kuti nyumba ndi yanu, lowani, koma amene angakusulireni kiyi timumanga. Nanga ndani mwa ife angalembe yekha pulogalamu yothyolera foni? Ine kulemba mayeso pa kompyuta komweku ndimachita kuitana mwana wa Fomu 2 kuti andikonzere matebulo. Ufulu wanga wotsegula foni umadutsa pa benchi ya mnyamata uja wa kumsika. Lamulo limene likundilola ine n'kumuletsa iye silinandipatse kanthu.

Ndipo nkhaniyi imatikhudza ife kuposa eni ake a lamulolo. Munthu wa ku Chicago foni ikamuvuta amagula ina. Yakale ija imakwera ndege m'chikwama cha m'bale, kapena imafika pa msika wathu ngati kaunjika. Ambiri a ife timayamba kugwiritsa ntchito foni pamene kampani imene inaipanga yatsala pang'ono kusiya kuitumizira mapulogalamu atsopano. Ikasiya, mapulogalamu amayamba kukana limodzilimodzi, pamene sikirini ndi batire zili bwinobwino. Pali anthu odzipereka amene amalemba mapulogalamu ngati LineageOS, amene amapatsa mafoni akale a Android moyo wina wa zaka zingapo, koma kuti muikemo muyenera kutsegula kaye loko wa mkati uja. Pa malipiro a mphunzitsi, zaka ziwiri zowonjezera pa foni ndi fizi ya mwana ya teremu yonse.

Palinso mbali imene imandikhudza ngati mphunzitsi. Akuluakulu mukukumbukira wailesi za Nzeru zija, zopangidwa konkuno. Kumbuyo kwake kunali timasikuluwu tinayi kapena kuposerapo, ndipo mwana aliyense wachidwi anakwapulidwapo chifukwa chotsegula kuti aone kumene kumakhala anthu oyankhulawo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, asanamange makina ake a mphepo aja ali ndi zaka 14, anaphunzira za magetsi pophwasula mawailesi akufa. Timamutchula mu kalasi chaka chilichonse kuti ana atengere chitsanzo. Nanga mwana wa lero aphwasule chiyani? Wailesi yake ndi foni. Mnyamata wanga wa pa benchi yachitatu sanaphunzire ntchito yake kwa ine, ndikuvomera ndi manyazi pang'ono. Anaiphunzira potsegula zinthu zimene opanga ake sankafuna kuti zitsegulidwe, ndipo lero akulipirira mlongo wake sukulu.

Tsopano kwa a madamu a Chingerezi, amene mfundo yawo ndi yolemera kuposa mmene ndinavomerera tsiku lija. Maloko ena amatetezadi. Mu 2009 ku Australia kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa Ikee kanalowa m'ma iPhone othyoledwa amene eni ake sanasinthe mawu achinsinsi a ku fakitale, n'kuika chithunzi cha woimba Rick Astley pa sikirini. Kameneko kanali koseweretsa. Koma mu 2015 kena kotchedwa KeyRaider kanaba ma akaunti a Apple opitirira 225,000, ndipo onse anali a mafoni othyoledwa. Kwa ife amene malipiro amafikira pa foni, amene timalipira madzi ndi kutumiza ya feteleza kumudzi pa Mpamba kapena Airtel Money, imeneyi si nkhani yosekera. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri a mabanki amakana kutseguka pa foni yothyoledwa. Ndipo ndiulule pano: ine yanga ndinangochotsa loko wa netiweki. Wa mkati uja sindinamukhudze, ndipo mnzanga akandifunsa ndimuuza kuti ngati sakudziwa chimene akufuna mkatimo, asiye.

Koma madamu, chinthu kukhala choopsa kwa mwini wake sindiye kuti chikhale mlandu. Kampani ikati galanti yatha, ili ndi ufulu. Banki ikati pulogalamu yathu siyenda pa foni yotere, ili ndi ufulu. Zimenezo n'zokwanira kuti munthu aganize kawiri. Kuwonjezerapo wapolisi n'kumene ine ndikukana.

Ena amati othyola mafoni ambiri amafuna kuba mapulogalamu ndi nyimbo. Alipo otero, ndipo ine sindiwaikira kumbuyo. Ndaona mmene kubena nyimbo kunasaukitsira oimba athu, munthu nyimbo yake ikulira m'minibasi iliyonse iye akusowa ya minibasi yomweyo. Koma kukopera ntchito ya mwini popanda chilolezo kunali kolakwa kale 1998 isanafike, ndipo n'kolakwabe. Ngakhale chilolezo cha 2010 chija sichinaloleze mapulogalamu akuba. Chikwanje chimalambula msewu, chimavulazanso munthu. Timamanga wovulazayo, wosula zikwanje timamusiya.

Za mafoni obedwa ndiye ndilibe nazo chifundo, pakuti ndinaberedwapo pa depoti, manambala a makolo a ana a kalasi yanga yonse n'kupita nayo. Foni iliyonse ili ndi nambala yake ya ku fakitale yotchedwa IMEI, imene mungaione podina *#06#, ndipo ndikukupemphani muilembe penapake lero lomwe. Ndi imene makampani a netiweki angagwiritse ntchito potseka foni yobedwa, ndiye mbava zimafuna kuisintha. Ku Britain anakhazikitsa lamulo mu 2002 loti kusintha nambala imeneyi popanda chilolezo cha opanga foni ndi mlandu wa zaka mpaka zisanu. Lamulo limenelo ndikugwirizana nalo, chifukwa lalunjika pa chinthu chimene munthu wachilungamo sachisowa. N'chimodzimodzi kuchotsa akaunti ya mwini wake pa foni imene yatoledwa kapena yatsomphoredwa. Mnyamata wanga uja anasiyanitsa zimenezi yekha popanda kuwerenga lamulo la dziko lililonse, ndi funso limodzi lija lakuti tamuimbireni mwini wake. Akuti amabweza anthu angapo pa sabata. Nawonso mafoni a ngongole afalawa, amene amadzitseka mukapanda kulipira, ndimawaika mbali yomweyo: musanamalize kulipira si yanu, ndipo kuthyola loko wake n'kuthawa ngongole basi.

Maiko ena anaiona nkhani ya netiweki mozondoka, ndipo ndikuganiza kuti ndiwo anaiona bwino. M'malo mofunsa ngati wogula angachotse loko, anafunsa ngati wogulitsa ayenera kuika loko. Ku Canada kuyambira pa 1 Disembala 2017 foni yatsopano imagulitsidwa yosakiya, ndipo kulipiritsa munthu kuti amutsegulire n'koletsedwa. Ku Britain bungwe la Ofcom linaletsa makampani a netiweki kugulitsa mafoni okiya kuyambira mu Disembala 2021. Abale athu a ku Leeds ndi ku Manchester, mafoni amene mwagula chaka chimenecho chitadutsa sativutitsa, pitirizani. Maiko a mu European Union anapita patsogolo: lamulo lawo la Digital Markets Act linakakamiza Apple kuti kuyambira mu Malichi 2024 ilole masitolo ena a mapulogalamu pa iPhone m'maiko amenewo. Chimene Jay Freeman ankachita ngati wolowera pa zenera mu 2008, kumeneko tsopano chili ndi khomo lake.

Kwathu kuno chaka cha 2016 chinabweretsa malamulo angapo okhudza zinthu zimenezi. Kunabwera lamulo latsopano la umwini wa luso, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira ufulu wa oimba ndi olemba. Kunabweranso Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene mwa zina limaletsa kulowa mu kompyuta kapena kutenga zimene zili mkati popanda chilolezo. Ine ndine wa choko, si loya, koma mawu amene ndikuwagwira ndi akuti chilolezo. Wolowa mu foni ya mnzake mozemba alangidwe. Koma pa foni yanga, wopereka chilolezo ayenera kukhala ine. Malamulo a zipangizo zamakono amakonzedwa kawirikawiri, ndipo chizolowezi chathu chokopera za anzathu mukuchidziwa, ngati mwana wa mayeso amene amakopera mpaka dzina la mnzake. Ana anga amene muli maloya, amene muli ku MACRA, amene tsiku lina mudzakhala aphungu, nkhani imeneyi ikadzafika pa tebulo panu mudzakumbukire kuti ku America komweko akhala akusoka zigamba pa Gawo 1201 kuyambira chaka cha 2000 ndipo sanamalize. Mudzalembe momveka kuti mwini chipangizo akhoza kuchitsegula, kuchikonza ndi kuikamo pulogalamu imene waipeza mwachilungamo, ndi kuti amene akumuthandiza pa ntchito imeneyo, ndi zida zake zomwe, alibe mlandu. Za kuba nyimbo, kusintha IMEI ndi kutsegula foni ya mwini zikhale ndi zilango zake pazokha.

Kwa ana amene mudakali pa sukulu ndipo mwazemba kudzawerenga pano: zonsezi sizikutanthauza kuti mubwere ndi foni mu kalasi. Ndikakupezani nayo ndilanda ngati kale, ndipo mukaitenga kwa a hedi potsekera.

Mnzanga wa Sosho, ndikudziwa kuti mubwera ndi mayankho Lolemba, bweretsani ndi shuga yemwe chifukwa wa mu sitafu watha. Ndinabwereranso kumsika dzulo kukagula chaja, ndipo ndinamupempha mnyamata uja kuti adzabwere kudzayankhula ndi ana a kalabu ya sayansi, adzaphwasule foni yakufa pamaso pawo. Anayamba waseka, ati Sala, ine amene ndinkapeza 9 mu phunziro lanu lomwe? Kenako anavomera, koma akuti likhale Lachitatu masana, chifukwa ndi tsiku limene makasitomala amachepa. Ndatsala ndi kukapempha kwa a hedi. Pakali pano mapepala a Fomu 3 akundidikira, ndipo ndachongako khumi ndi awiri okha.